Injini ya m'hot rod yakale ija ndi ya mtundu wanji? Yankho kwa mbale wathu wa ku Gqeberha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina wochokera ku Malawi konkuno, amene akugwira ntchito ya umakaniko ku Gqeberha, mzinda womwe ambirife tidauzolowera kuti Port Elizabeth. Anatumiza zithunzi zisanu ndi chimodzi, ndipo mwachidule kalata yawo ikuti:

"Abwana anga agula galimoto yakalekale kubanja la mkulu wina yemwe adatisiya. Akuti ndi hot rod. Yakhala m'shedi zaka zambiri osayenda. Pepala lake likuti Ford 1932, koma aliyense wobwera kudzaiona akunena zakezake. Ine andipatsa ntchito yofufuza kuti injiniyo ndi ya mtundu wanji kuti tiyitanitse zipangizo. Ndazolowera Toyota ndi Nissan, apa mutu waima. Pa hedi palembedwa Offenhauser, kodi ndilo dzina la injini? Nanga ndiikemo batire ndiyese kuiliza?"

Achimwene, ndiyambe ndi funso lanu lomalizali chifukwa ndi lomwe likundidetsa nkhawa. Musaikemo batire, musailize. Magalimoto a Ford a ku America ankayendera magetsi a mavoti 6 mpaka 1955, ndipo waya wopita ku chasisi unali wa positive, mosiyana ndi magalimoto omwe mumakonza tsiku ndi tsiku. Mwina amene adaimanga adasintha n'kuika mavoti 12, mwina sadasinthe. Werengani kaye zolembedwa pa koyilo, pa jenereta ndi pa mababu. Komanso injini yomwe yagona zaka zonsezi imakhala youma m'kati, mavalavu ena atakakamira. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, idikireni masiku angapo, kenaka muizungulitse ndi sipanala pang'onopang'ono. Ikakana, musaikakamize.

Tsopano ku nkhani yaikulu. Anthu akutsutsanawo n'kutheka kuti onse akunena zoona, chifukwa hot rod si galimoto imodzi. Mwambo umenewu udayambira ku California m'zaka za m'ma 1930, pomwe anyamata ankagula ma Ford otsika mtengo, n'kuchotsa madigadi ndi chilichonse cholemera, n'kukayesa liwiro pa nyanja zouma za m'chipululu monga Muroc ndi El Mirage. Bungwe lawo la Southern California Timing Association lidakhazikitsidwa mu 1937, ndipo nkhondo yachiwiri itatha mwambowu udakula kwambiri. Munthu ankatenga bodi ya galimoto iyi, chasisi ya ina, injini ya ina, mabuleki a inanso. Choncho funso loti "ndi ya chaka chanji" lilibe yankho limodzi. Chipangizo chilichonse muchifunse pachokha. Ndipo pa injini, khulupirirani buloko, thupi lenileni la injini, osati zomangiriridwa pa bulokoyo, poti chomangidwa ndi bawuti aliyense angathe kuchisintha Loweruka limodzi masana.

Chithunzi chanu choyamba sichikusiya chikaiko: imeneyi ndi Ford flathead V8. Onani mmene hedi ilili yafulati ngati chiwaya, mapulagi anayi ataima pamwamba poyera, popanda chivundikiro cha mavalavu. Mavalavu ake ali m'buloko momwemo, pambali pa masilinda. Werenganinso mapayipi a ekizozi: mbali iliyonse ndi atatu ngakhale masilinda ndi anayi, chifukwa awiri apakati amatulutsira utsi pa bowo limodzi. Ford adayamba kuigulitsa injini imeneyi mu 1932, ya ma cubic inch 221, kapena kuti malita 3.6, ya mphamvu za akavalo 65, ndipo ku America idapangidwa mpaka 1953.

Dzina la Offenhauser si la injini yanuyi ayi. Ndi kampani ya ku Los Angeles yomwe inkapanga mahedi a aluminiyamu okhala ndi mizere yozizitsira, omwe anthu ankagula padera kuti awonjezere mphamvu. Mayina ena omwe mungakumane nawo pa malo omwewo ndi Edelbrock, Navarro, Sharp, Weiand ndi Eddie Meyer. Mukapita kogula zipangizo n'kunena kuti muli ndi injini ya Offenhauser, adzakusokonezani kapena kukugulitsani zosayenera.

Flathead ili ndi mibadwo ingapo, ndipo njira yoyamba yoisiyanitsira ndi kuwerenga manati a pa hedi imodzi. Akakhala 17, ndi kainjini kakang'ono kotchedwa V8-60, ka ma cubic inch 136, komwe ku America kankaikidwa m'magalimoto kuyambira 1937 mpaka 1940. Akakhala 21, ndi injini ya pakati pa 1932 ndi 1938. Akakhala 24, ndi ya kuyambira 1938 kupita mtsogolo. Ndakulitsa chithunzi chanu n'kuwerenga kawiri, ndapeza 24. Apa ndiye kuti injini yanu si ya 1932, ngakhale pepala litero. Musadandaule nazo, ma hot rod ambiri ali chomwecho, poti injini za manati 24 ndi zomwe omanga ankazikonda.

Chomwe chandigwira mtima pa zithunzi zanu ndi ichi. Injini za manati 24 zili m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba lidatha mu 1948, ndipo yodziwika kwambiri ndi 59A, ena amati 59AB, ya 1946 mpaka 1948. Pa imeneyi payipi ya madzi opita ku radiyeta imatulukira pakati penipeni pa hedi, ndipo distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, imakhala yomatiriridwa kumaso kwa injini, m'munsi kuseri kwa fani, malo ovuta kufikapo ndi dzanja. Gulu lachiwiri ndi 8BA ya 1949 mpaka 1953, yomwe m'malole idayamba mu 1948 ndi dzina loti 8RT. Pa imeneyi madzi amatulukira kutsogolo kwa hedi, ndipo distributor imaima chopendekeka kutsogolo cha kumanja, yooneka bwino ngati ya magalimoto omwe tidawazolowera.

Nanga yanu? Madzi akutulukira pakati pa hedi, ngati 59A. Distributor yaima kutsogolo kumanja, ngati 8BA. Zizindikiro ziwiri zikukangana pa injini imodzi, ndipo ndikuganiza kuti mkangano wa anthu obwera ku galaja kwanu wachokera pomwepa. Zimenezi zimachitika kawirikawiri. Omanga ambiri ankakonda maonekedwe a mahedi akale, ndiye ankawamanga pa buloko ya 8BA atatseka bowo la madzi lomwe silikumana bwino ndi hediyo. Enanso ankachita mosemphanitsa, kuika distributor ya 8BA pa buloko yakale kuti azitha kuikonza mosavuta. Zonse ziwiri n'zotheka pa galimoto yanu.

Woweruza mlanduwu ali kumbuyo kwa injini, komwe simunajambule. Tengani tochi, chotsani matabwa kapena malata a pansi pomwe pamakhala mapazi a dalaivala, muone pomwe injini ikukumana ndi giyabokosi. Pa 59A ndi zonse zam'mbuyo mwake, theka la chigoba chophimba flywheel, chimbale cholemera cha kumbuyo kwa injini, lidaumbidwira kumodzi ndi buloko, chitsulo chimodzi chopanda msoko. Pamwamba pake, mukapukuta ndi burashi ya waya ndi palafini, nthawi zambiri mumapeza nambala 59 yotukuka, yaikulu yoti chala chimaimva musanaione. Pa 8BA buloko imathera pafulati, ndipo chigobacho ndi chapadera, chomangidwa ndi mabawuti. Ichi palibe angachisinthe. Ine ndikupendekera ku 8BA, koma musayitanitse gasiketi ngakhale imodzi musanaone pamenepo, chifukwa magasiketi a hedi ndi mapampu a madzi a mibadwo iwiriyi ndi osiyana.

Pali chinanso chokhudza komwe muliko. Ford idayamba kulumikiza magalimoto mumzinda wanu womwewo mu 1924, ndipo nthambi ya ku South Africa inali pansi pa Ford ya ku Canada, yomwe inkatumiza magalimoto a chiwongolero cha kumanja ku maiko omwe anali pansi pa Britain. Choncho mukapeza nambala yoyamba ndi C, monga C59A kapena C69A, musaganize kuti ndi yachinyengo. Ndi chitsulo cha ku Canada. Ndipo powerenga mabuku a ku America samalani. Iwo akati "mbali ya dalaivala" akunena kumanzere. Mawu amenewa asokeretsa amakaniko ambiri a kuno kwathu. Ine ndikati kumanja kapena kumanzere, ndikunena monga mwakhala pa mpando mutayang'ana kutsogolo.

Musatope kufunafuna nambala ya galimoto pa buloko. Pa ma V8 a 1932 mpaka 1948, Ford ankaidinda pamwamba pa giyabokosi pafupi ndi pomwe ikukumana ndi injini, komanso pamwamba pa chasisi, pakati pa tinyenyezi tiwiri. Tibwereranso pamenepa.

Kukula kwa injini ndiye sikuoneka ndi maso kunja. Ma 59A ndi 8BA a Ford anali a ma cubic inch 239, malita 3.9, silinda yotambalala mainchi 3 ndi 3/16, pafupifupi mamilimita 81, pisitoni yoyenda mainchi 3.75. Koma Mercury, galimoto ina ya kampani ya Ford yomweyo, ya 1949 mpaka 1953 inali ndi crankshaft yoyendetsa pisitoni mainchi 4, zomwe zinkapereka ma cubic inch 255, ndipo aliyense womanga hot rod ankailakalaka crankshaft imeneyi. Ambiri ankakulitsanso masilinda. Pa injini zina mumatha kuyeza polowetsa kawaya pa bowo la pulagi, koma pa flathead sizitheka chifukwa pulagi ili pamwamba pa mavalavu, osati pa pisitoni. Mpaka hedi ichoke. Ikachoka, tsitsani pisitoni imodzi pansi penipeni muyeze: mamilimita 95 ndi Ford, pafupifupi 102 ndi Mercury.

Hediyo ikachoka, musathamangire kuibwezera. Pukutani pamwamba pa buloko bwinobwino, muunike ndi tochi chopendekeka pakati pa mpando wa valavu ndi silinda, makamaka masilinda apakati. Utsi wa injini imeneyi umadutsa m'kati mwa buloko usanatuluke, ndiye imatentha msanga, ndipo ming'alu imakonda pamenepo. Mng'alu wake umakhala wowonda ngati tsitsi, nthawi zina umangooneka ngati kamzere ka dzimbiri kofiirira. Zimandipweteka mtima kuona munthu atawononga ndalama zambiri pa mapisitoni atsopano, kenaka n'kuzindikira kuti buloko ndi yong'aluka. Itumizeni kwa oyeza ming'alu ndi maginito musanagule kanthu. Muuzenso abwana anu zimenezi poyambirira pomwe, asadzati munawabisira.

Ndikuchenjezeniso za mapampu a madzi. Alipo awiri, ndipo pa injini za manati 24 ndi omwenso amanyamula injini kutsogolo. Pampu iliyonse ili ndi bawuti imodzi yobisika m'kati mwa bowo lomwe payipi ya m'munsi imalowa. Munthu wosadziwa amamasula zooneka zokha, n'kuyamba kumenya ndi hamala mpaka kuswa chitsulo. Unikani m'bowomo, muipeza itadyeka ndi dzimbiri. Ndipo mabawuti onse a galimotoyi ndi a mainchi. Masipanala anu a mamilimita angokulungiza mitu ya manati omwe apirira zaka zoposa 70.

Pa chithunzi chachitatu mukuoneka makabureta awiri, ndipo mwati pambali palembedwa 97. Amenewo ndi Stromberg 97, omwe Ford ankaika pa ma V8 ake kuyambira 1936 mpaka kumayambiriro kwa 1938, ndipo ndi kabureta yomwe anthu a hot rod amaikonda kuposa ina iliyonse. Ili ndi abale ake, 48 yokulirapo ndi 81 yaing'ono ya V8-60, komanso pali Holley 94 yomwe idalowa m'malo mwake. Zonsezi zimakhala pa mabawuti atatu ofanana, ndiye nthawi zina mumapeza munthu ataphatikiza mitundu iwiri pa injini imodzi. Onetsetsani kuti onse awiri ndi 97. Kusiyanitsa ndi 94 n'kosavuta: pa Stromberg payipi ya petulo imalowera m'thupi la kabureta cha m'mbali, pa Holley imalowera pa chivundikiro cha pamwamba. Masiku ano ma 97 atsopano akupangidwanso ku England, choncho zipangizo zake zimapezeka. Chonde, wina asakunyengeni kuti muwataye n'kuikapo kabureta imodzi yamakono. Makabureta awiriwo pamodzi ndi manifodi yomwe akhalapo ndi chuma, ndipo dzina la wopanga manifodiyo limakhala lotukuka pa aluminiyamu pomwepo. Lijambuleni.

Tsopano bodi. Pa chithunzi chachinayi ndikuona chotsekera petulo patsogolo pa galasi la dalaivala. Chimenecho ndi chizindikiro cha Ford Model A, yomwe idapangidwa kuyambira kumapeto kwa 1927 mpaka 1931, ndipo thanki yake inali pomwepo, pamwamba pa mawondo a dalaivala. Ford ya 1932 thanki yake ili kumbuyo. Koma chigoba cha radiyeta chomwe chili kumaso kwa galimoto yanu, chozungulira bwino pamwamba chokhala ndi timizere toimirira, ndi cha 1932. Kuphatikiza kotereku n'kwakale kwambiri, ndipo Model A yokhala ndi V8 eni ake amaitchula A-V8. Tengani maginito muyendetse pa bodi yonse. Ikagwira paliponse ndi chitsulo; ikakana paliponse ndi fibreglass, kutanthauza bodi yopangidwa pambuyo pake; ikagwira apa n'kukana apo, pali phala lokwirira mabowo a dzimbiri.

Ndiye 1932 ya pa pepala ija yachokera kuti? Ndikuganiza kuti ndi chasisi. Chasisi ya 1932 ndi yosavuta kuizindikira chifukwa idapangidwa kuti izioneka: m'mbali mwake muli mzere wopindika wodindidwa m'chitsulo, wotsata pomwe madigadi ankadutsa. Ya Model A ndi yowongoka, yopanda kukongoletsa. Yezaninso kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo: Ford adapanga ya 1932 mainchi 106, ya Model A mainchi 103.5, ngakhale omanga ena ankasuntha ekiselo pang'ono. Nambala muifune pamwamba pa chasisi cha kumanzere, pafupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi anthu, ndipo muyang'anenso mbali inayo. Musagwiritse girayinda, ingafufute nambala yomwe ndi yosazama kale. Pukutani ndi nsalu ya palafini, pakanipo choko, pukutaninso mopepuka. Choko chotsalira m'timaenje chimaonetsa manambala omwe diso silimawaona. Ma V8 a ku America amayamba ndi 18, koma 18 yomweyo idapitirira zaka zotsatira, ndipo a 1932 adathera cha pa 203,000. Nambala imeneyi ndi yomwe iyenera kugwirizana ndi pepala, ndipo ikapanda kugwirizana abwana adziwe msanga.

Za pansi ndidutsa mwachangu. Giya yanu ndi yapansi, ndipo ngati giyabokosi ili ndi chivundikiro pamwamba pomwe ndodo yaimapo, n'kutheka kuti ndi ya Ford ya 1939, yomwe omanga ankaifuna poti mu 1940 magalimoto a Ford adasamutsira giya ku chiwongolero. Mabuleki akakhala a mafuta ndiye kuti si a 1932, chifukwa Ford adayamba mabuleki otere mu 1939. A 1940 mpaka 1948 ndi omwe ankaikidwa kwambiri. Ekiselo yakutsogolo ikakhala yopindikira m'mwamba kwambiri kumapeto konse kuwiri, idapindidwa dala kuti galimoto itsike.

Koma chithunzi chomaliza, cha difu, chandiimitsa. Difu ya Ford yakale amaitchula banjo, ndipo shafiti yake imadutsa m'kati mwa payipi yotseka, mmene Ford ankachitira mpaka 1948. Yanu ili ndi kachivundikiro kowonjezera kumbuyo, kokhala ndi mizere, komangidwa ndi manati. Imeneyo ndi quick-change. Kuseri kwa kachivundikiroko kuli magiya awiri omwe munthu amatha kuwasintha pa mphindi zochepa, kuti galimoto yomwe wabwera nayo pa msewu aithamangitse pa mpikisano tsiku lomwelo. Wopanga wodziwika kwambiri anali Halibrand wa ku Culver City, ndipo dzina limakhala pa chivundikirocho. Lanu laphimbika ndi matope ndi girizi. Munthu samaika chinthu chotere mwangozi. Mkulu amene adamanga galimotoyi ankadziwa chomwe akuchita, ndipo n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti chilichonse chomwe mwamasula muchisunge m'katoni mutalemba pomwe chachokera, ngakhale chioneke chotha ntchito. Funsaninso banja lija ngati m'shedimo mudatsala makatoni, malisiti kapena zithunzi zakale. Kapepala kamodzi ka m'thumba la chitseko kangathe kukuuzani za camshaft yomwe ili m'katimo popanda kumasula injini.

Kwa ena owerenga amene mungakumane ndi hot rod ya injini ina, nazi zizindikiro zachangu. Chevrolet small-block, yomwe idayamba mu 1955 n'kulanda malo a flathead, distributor yake ili kumbuyo, mapayipi awiri apakati a ekizozi ndi ogundizana, nambala youmbidwa ili kumbuyo kwa buloko kumanzere, ndipo yodindidwa ili kutsogolo kumanja m'munsi mwa hedi. Ford small-block ya kuyambira 1962, monga 289 ndi 302, distributor ili kutsogolo. Chrysler Hemi ya 1951 mpaka 1958 ili ndi zivundikiro zazikulu, mawaya a mapulagi akulowa pakati pake. Buick nailhead ya kuyambira 1953 zivundikiro zake ndi zing'onozing'ono, zoyang'ana kumwamba osati kumbali. Ku South Africa mupezanso ambiri ataikamo Rover V8 ya aluminiyamu kapena Ford V6 ya malita 3, poti ndi zomwe zinkapezeka pafupi. Ndipo mukadzaona injini yooneka ngati Hemi koma ya buloko ya flathead, zivundikiro zitalembedwa Ardun, dziwani kuti mwaona chinthu chosowa: mahedi omwe Zora Arkus-Duntov ndi m'bale wake adapanga cha m'ma 1947, Zora asanapite kukatchuka ndi galimoto ya Chevrolet Corvette.

Achimwene, mmene ndikuonera pa zithunzi zomwe zilipo, muli ndi bodi ya Model A, nkhope ya 1932, mwina chasisi ya 1932, flathead ya manati 24 ya mahedi a Offenhauser, ma Stromberg 97 awiri ndi difu ya quick-change. Munditumizirenso zithunzi zinayi: kumbuyo kwa buloko pomwe ikukumana ndi giyabokosi, nambala ya pa chasisi mutapaka choko, dzina la pa manifodi, ndi chivundikiro cha difu mutachitsuka. Mujambule masana, panja, foni ili pafupi ndi chitsulo. Zikafika, tikambirana za magasiketi ndi mapampu oyenera kuyitanitsa.